Mpando Wofiira wa a Chipeso

A Chipeso ameta anthu ambiri moti tsitsi limene asesa pansi, mutaliunjika pamodzi, lingatseke msewu waukulu mpaka apolisi kubwera kudzalondolera magalimoto. Dzina lawo lenileni analiiwala ndi eni ake omwe. Chipeso chakuda sichichoka kukhutu kwawo. Ena amati amagona nacho, ena amati anabadwa nacho ndipo azamba anachita kuitanizana kuti adzaone.

Malo awo ometera ndi kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya utoto ndi ya mafoni. Muli galasi lalikulu lothetheka pakona, benchi la odikira, wailesi yoyankhula pokhapokha imenyedwe mbama, ndi mpando. Mpandowo ndiye chuma chonse. Ndi wachikopa chofiira, wozungulira, womangidwa pasimenti ndi mabawuti, ndipo kumbuyo kwake kuli chopondera. Wometa akachiponda, mpando umakwera pang'onopang'ono. Munthu wopanda ngakhale nkhuku akakhalapo amaoneka ngati ali ndi nyumba za lendi.

A Chipeso anali ndi anzawo atatu a kuyambira unyamata. Panali a Giya, oyendetsa malole odutsa m'malire. Panali a Choko, mphunzitsi amene ankakonza chiyankhulo cha munthu ngakhale pamaliro. Ndiye panali a Telala, munthu wofatsa, wosoka m'khonde la kuseri kwa msika, amene ankayankhula ndi mapini kukamwa osameza ngakhale imodzi.

Tsiku lomaliza la chaka, masana, anayiwa ankatseka chitseko cha malo ometera, n'kuyala nsalu pabenchi, n'kutereka tiyi. Lamulo analipanga okha ali anyamata, ndipo linali lolimba kuposa la boma. Amene wadumpha malire chaka chimenecho abwere ndi thumba. M'thumbamo mukhale chakudya chimene iye mwini anadya kunjako n'kuchikonda. Akhale pampando wofiira, akwezedwe mpaka m'mwamba, atsegule thumba, agawire anzake, kenako aname mmene angathere. Bodza linali lololedwa, bola chakudya chikhale chenicheni.

A Giya anakhala pampandowo mpaka chikopa chinaloweza matako awo. Chaka china anabwera ndi nyama youma ya tsabola, n'kunena kuti kumene anaigula ng'ombe zimadya tsabola kubusa kuti ophika asavutike. A Choko anapita kunja kamodzi kumsonkhano wa aphunzitsi, n'kubwera ndi tizipatso tobiriwira tamchere timene aliyense analavulira m'mpango mobisa. A Telala ankapita kukagula nsalu, n'kubwerako ndi zipatso zouma zotsekemera ngati chinyengo.

A Chipeso ntchito yawo inali kuponda chopondera. Mpando wawo womwe, koma pachikondwerero sanaukhalepo.

"Achimwene, inu malire amene munadumphapo ndi ngalande ya kutsogolo kwa sitolo ya utoto," ankatero a Giya ali m'mwambamo, mkamwa muli tho. "Nayonso munagweramo mwendo umodzi."

"Anagweramo ndi mwendo umodzi," a Choko ankakonza.

A Chipeso ankaseka nawo, mokweza kuposa onse. Koma mawuwo ankawayabwa ngati tsitsi lolowa m'kolala, loti ungasambe motani limapezekabe. Amene ankaona zimenezi ndi a Telala okha. Chaka china, anzawo atapita, anatulutsa m'jekete kathumba kosokedwa ndi zotsala za nsalu ya suti, ka zipi yachitsulo.

"Sungani aka. Tsiku lanu lidzafika," anatero. "Ndipo chopondera ndidzaponda ndine. Ndidzakukwezani mpaka chipeso chanucho chikande denga."

Kathumbako kanapachikidwa pamsomali kuseri kwa galasi. Kanakhala pamenepo mpaka akangaude anabadwiramo, kukwatiriramo ndi kuikiramo maliro a makolo awo. Akazi a a Chipeso anamwalira. A Giya anatsika lole, maso atayamba kuona misewu iwiri pamene pali umodzi. A Choko anapuma ntchito. A Telala anasiya maulendo a nsalu. Zaka zomalizazi palibe amene ankadumpha malire, choncho anayiwo ankangoviika buledi mu tiyi, mpando uli wokha, n'kumabwereza mabodza akale amene anali atatha mchere.

Ndiye mwana mmodzi yekhayo wa a Chipeso, namwino amene anakwatiwa ndi kukhazikika kudziko lozizira la tsidya la nyanja, anabereka. Anaimba foni.

"Ababa, mapepala atheka. Bwerani mudzaone mdzukulu wanu."

A Chipeso asanafunse ngati mdzukuluyo ndi wamwamuna kapena wamkazi, anali atatsitsa kale kathumba pamsomali, akukakung'untha fumbi. A Telala anawasokera jekete lokhuthala moti likanatha kuima lokha pamzere wa ku banki. Anzawo onse atatu anawaperekeza mpaka pa basi ya kubwalo la ndege.

"Musakatibweretsere sopo wa m'ndege," anatero a Giya. "Tikufuna chotafuna."

Kuzizira kwa kumeneko sikofotokozera munthu wovala malaya amodzi. Ukapereka moni panja, mawu amauma m'malere, mnzako amachita kupita nawo m'nyumba kukawasungunula kuti amve zimene wanena. Dzuwa linkatuluka ngati wantchito waulesi, kusuzumira pang'ono n'kuweruka. A Chipeso ankakhala pawindo la nyumba yosanja, mdzukulu ali pamiyendo, akuyang'ana mitu ya anthu odutsa pansi ndi kudandaula mumtima kuti dziko lonseli lilibe wometa.

Mdzukuluyo anamukonda, tisawanamizire. Kanali kamtsikana ka tsitsi lofewa ngati utsi, kogwira chala cha agogo ake osafuna kusiya. Koma maso a a Chipeso sankachoka pambale. Chilichonse chobwera patebulo ankachiyesa ndi funso limodzi: kodi ichi chingalowe m'thumba?

Zakudya zake zinali zozunza. Masamba ankabwera osaphika, ngati wophika waitanidwa mwadzidzidzi kumaliro. Nyama ukaidula inkatuluka magazi, ng'ombe yake ikadadandaulabe. Panali tchizi china chonunkha ngati sokosi ya msilikali, chimene mkamwini wawo, munthu waulemu wosayankhulayankhula, ankachidya atatsinzina ngati akupemphera. A Chipeso sanakonde chilichonse. Koma masiku ankapita, thumba lili pululu, ndipo mantha anawagwira.

Nyengo ya zikondwerero itayandikira, anzake a mwana wawo anayamba kuitanizana m'nyumba zawo. Kulikonse a Chipeso ankakhala pakona, mbale pamiyendo, akumwetulira anthu osawamva chiyankhulo. Anthu akatembenuka, kachidutswa ka nsomba yofiira kankalowa m'kapepala kopukutira m'manja, kapepalako m'thumba la jekete. Mawa lake kachidutswa ka tchizi. Tsiku lina ntchafu ya mbalame yaikulu ngati mwana wa mbuzi. Ankati mwina anzawo akazikonda, ndipo iwo akanama kuti anazikondanso. Pofika kunyumba zonse zinkalowa m'kathumba ka a Telala, kathumbako kunsi kwa bedi. M'dziko lozizira chotere, ankaganiza, chinthu chingaole bwanji? Sanadziwe kuti chitsulo chotenthetsa chipinda chinali kuseri kwa bedi lomwelo.

Fungo litayamba, woyamba kunamiziridwa anali mdzukulu. Anamusintha matewera mpaka mwana anayamba kuyang'ana anthu mokwiya. Kenako anati ndi khoswe wakufa. Mkamwini anaitana munthu wokonza mipope, amene anagwada, kununkhiza, kukwawa molondola mphuno yake mpaka m'chipinda cha apongozi, n'kutulutsa kathumba atakagwira ndi zala ziwiri.

Mwana wawo anadikira kuti mlendo apite ndipo mwamuna wake alowe kubafa. Anatsegula zipi, n'kuitsekanso msanga.

"Ababa, kodi tikukumanani chakudya?"

"Iyayi, amayi."

"Nanga izi n'chiyani? Anzanga akuonani, mukudziwa? Wina anandifunsa ngati kwathu kuli njala."

"Ndi za anzanga. A Telala ndi..."

"A Telala. Mwakwera ndege usana ndi usiku kudzaona mdzukulu, koma mutu uli kwa a Telala."

Anataya zonse, n'kuchapa kathumbako kawiri m'makina. A Chipeso anakayanika pachitsulo chotenthetsa chija, n'kukhala pabedi akukayang'ana kakuuma. Sanadye madzulo amenewo.

Pakhomo loyang'anizana ndi lawo pankakhala nkhalamba ina yokha, ya ndevu zofika pamchombo ndi tsitsi loti mbalame zikanapempha malo. Ankakumana pamasitepe n'kugwedezerana mitu, poti panalibe liwu limodzi lomwe onse awiri ankalidziwa. Tsiku lina zala za a Chipeso zinalephera kupirira. Anaimika nkhalambayo, kuloza ndevu, n'kuchita zala ziwiri ngati sizasi. Nkhalamba inawayang'ana nthawi yaitali, kenako inatsegula chitseko.

Anaimeta pampando wa kukhitchini, thaulo lili m'khosi. M'nkhalangomo munatuluka munthu wa makutu ndi chibwano ngati anthu ena onse. Atadziona pagalasi anaseka mpaka kutsokomola. Ndiye anatsegula kabati, n'kutulutsa chinthu chokulungidwa m'nsalu: chibuledi chakuda, chophwatalala, chodzaza mtedza ndi zipatso zouma, chomatidwa ndi uchi. Anachigogoda patebulo, tebulo ndi limene linadandaula. Analoza kalendala n'kutembenuza masamba ambiri, kusonyeza kuti sichiola. Anadula kachidutswa ndi mpeni waukulu, atatsamira ndi thupi lonse.

A Chipeso analuma. Poyamba nsagwada zinafunsa chimene zalakwa. Kenako uchi unasungunuka, mtedza unaphwanyika, ndipo panabwera kafungo kena kotentha kokhala ngati khungwa la mtengo wabwino. Anatafuna mwakachetechete, maso ali pawindo. Ichi anachikonda, mosanama. Nkhalamba inakulunga chotsala chonse n'kuwaika m'manja.

Chinalowa m'kathumba ngati a Telala anachita kuchiyeza ndi tepi.

Tikiti yawo inali yobwerera chaka chisanathe. Mwana wawo anawapeza akupinda jekete.

"Ababa, tikiti imasinthika. Chaka chithere kuno. Ndaitana anthu, ndagula kale zonse. Ndi chikondwerero choyamba cha mdzukulu wanu."

"Sadzakumbuka, amayi. Ndi wakhanda."

"Ndidzakumbuka ndine."

A Chipeso anapitiriza kupinda jekete lopindapinda kale.

"Chilolezo chobwerera kuno sapereka ngati moni, ababa. Mwina simudzabweranso. Mukudziwa zimenezo?"

"Akundidikira," anatero motsitsa mawu. "Ndaponda chopondera chija moyo wanga wonse."

Mwanayo sanamve kuti chopondera n'chiyani, ndipo sanafunse. Pabwalo la ndege anawakumbatira ndi dzanja limodzi, lina lili pangolo ya mwana. M'ndege a Chipeso anakana kuika kathumba m'kabati ya pamwamba. Anakafungatira pamimba ulendo wonse ngati munthu wodwala m'mimba.

Tsiku lomaliza la chaka anadzuka kusanache bwino. Anasesa, kupukuta galasi, kuthira mafuta chopondera, kupaka chikopa chofiira polishi mpaka ntchentche zinkaterereka. Anayala nsalu pabenchi. Anabwereka mpeni waukulu kwa wogulitsa nyama. Mabodza anali atawakonza m'ndege, atawasanja bwino, loyamba la mawu ouma m'malere.

Woyamba kufika anali a Giya, ndi ndodo. Anakhala pabenchi n'kumwetulira, ndipo a Chipeso anaona chinthu chimene chinali pamaso pawo zaka zonsezi. Mkamwa mwa a Giya munali mopanda anthu. Munatsala dzino limodzi kutsogolo, longa mlonda wa nyumba yogumuka. Wometa amadziwa anzake kunkhongo. Angakuuzeni pamene dazi la aliyense linayambira, koma mkamwa sayang'anamo. Buledi woviika mu tiyi uja sanali wa umphawi chabe.

A Choko anabwera ndi akazi awo, chinthu chosachitikapo chiyambire. Phazi lina la a Choko linali m'bandeji.

"Shuga, alamu," anatero mayiwo asanakhale n'komwe. "Adula chala mwezi wathawu. Ndabwera kudzaona cholowa mkamwa mwawo. Tiyi wopanda kanthu, basi."

"Kachidutswa kakang'ono sikangaphe munthu," anatero a Chipeso.

"Mukawasamala ndinu akadula mwendo?"

A Choko, amene moyo wawo wonse sanasiyepo chiganizo cha munthu chili chilili, anangoyang'ana bandeji.

"Tidikire a Telala," anatero a Chipeso. A Giya ndi a Choko anayang'anizana.

"Khalani pampando, achimwene," anatero a Giya. "Ndiponda ine. Mwendo uwu unaponda mabuleki a malole, ungalephere kampando?"

"Woponda ndi a Telala. Ali kuti?"

Ketulo inawira mpaka kuzima yokha. Amene anayankha ndi akazi a a Choko, poti amuna awiriwo anali atapeza chochititsa chidwi pansi.

"Anagwa pamakina osokera, inu mutangopita. Mbali imodzi yonse inafa. Anakubisirani kuti ulendo wanu usaonongeke."

Anapita onse, pang'onopang'ono, gulu la ndodo ndi bandeji, a Chipeso ali patsogolo ndi kathumba kukhwapa. M'misewu anthu ankanyamula makireti a zakumwa, masipika akulimbana khomo ndi khomo.

A Telala anagona m'chipinda cha kumbuyo, pafupi ndi makina awo ofunditsidwa nsalu. Munthu amene sankalola ulusi umodzi kulendewera pamalaya anali ndi ndevu zosokonekera, mlomo utapendekera kumodzi. Diso limodzi linatembenuka n'kuima pa a Chipeso.

"Ndabwera, achimwene. Ndadumpha malire enieni, osati ngalande." Anaika kathumba pachifuwa cha wodwalayo. "Taonani. Kadzaza."

Dzanja lamoyo la a Telala linakwera pang'onopang'ono, n'kupapasa msoko, n'kufika pazipi. Linayesa kukoka, koma zipi sinasunthe.

"Sameza cholimba, alamu," anatero akazi a a Telala ali pakhomo. "Ndi phala lamadzimadzi, pasupuni, nalonso limabwerera."

"Ngakhale kungolawitsa palilime?"

"Akatsamwa ndithamanga naye ndani lero, magalimoto onse ali kumadyerero?"

A Chipeso anakhala m'mphepete mwa bedi. Anati ayambe bodza loyamba lija, koma chimene chinatuluka n'chakuti kunjako kumazizira, mdzukulu ndi wamkazi, ndipo ndege imachedwa. A Giya anayesa kuthandiza. "Nanga akazi a kumeneko, achimwene?" Palibe anaseka.

Ndiye anaona bulangeti likugwedezeka kumiyendo. Phazi lamoyo la a Telala linkatsika ndi kukwera, kutsika ndi kukwera, ngati likuponda chinthu. A Chipeso anagwira mkono wa a Giya.

"Taonani. Akuponda. Akundikweza."

"Limatero lokha phazilo," anatero akazi a a Telala, akupinda thaulo. "Usana ndi usiku. Adokotala akuti ndi mitsempha."

A Chipeso anapempha madzi ofunda ndi sopo. Lumo sankayenda osalitenga. Anameta mnzawoyo ndevu mosamala, akukoka tsaya lakufalo ndi chala kuti khungu liwongoke, n'kumupesa ndi chipeso cha kukhutu chija. Diso lija linatsekeka asanamalize. A Choko anatengedwa ndi akazi awo kukamwa mankhwala. A Giya anati mwendo wayamba kuwawa, adzadutsa mawa.

Dzuwa likupendeka, a Chipeso anabwerera okha kumalo ometera. Nsalu inali chiyalire, makapu anayi ali mondondozana. Anatseka chitseko. Anaima kutsogolo kwa mpando kanthawi, kenako anakhalapo.

Unali pansi penipeni. Anatambasula mwendo kufuna chopondera, koma amene anapanga mpandowo anachiika kumbuyo, kumene wokhalapo sangafike. Anayesa ndi chidendene, anayesa chopotoloka, mpando unangozungulira nawo n'kuwabweza pomwepo. A Chipeso ndi munthu wamfupi. M'galasi munkaoneka chipumi ndi chipeso basi.

Anatsegula zipi. Fungo la uchi linadzaza kachipindako. Mpeni wa wogulitsa nyama unali pabenchi, koma sanautenge. Anatulutsa foni n'kuimbira mwana wawo. Inaitana nthawi yaitali. Itayankhidwa, kumbuyo kunkamveka mbale, kuseka kwa anthu ambiri, ndi kamwana kakulira.

"Ababa, ndili ndi alendo. Zili bwino?"

"Zili bwino, amayi. Ndimati ndimve mdzukulu."

"Akuvuta, sanagone masana. Nanga thumba lanu lija, latsegulidwa?"

"Latsegulidwa."

"Akonda?"

"Alimbirana. A Giya atsala pang'ono kumeza ndi nsalu yomwe. A Telala andikweza mpaka chipeso chakanda denga."

"Chabwino. Ndiye simunalakwe kupita." Wina anamuitana kumbuyoko. "Ndikuimbirani mawa, ababa."

Foni inaduka. A Chipeso anakhala chomwecho, chibuledi chili pamiyendo, chathunthu kupatula kachidutswa kamene nkhalamba ija inadula.

Kunamveka kugogoda. Chitseko chinatseguka pang'ono, n'kusuzumira bambo wina wa thukuta, malaya atsopano akadali ndi mizere ya m'pepala.

"Pepani, akulu, ndaona ngati muli munthu. Mukumeta? Ndili ndi phwando, ndipo mutu uwu sangandilole nawo pakhomo."

A Chipeso anakulunga chibuledi, kutseka zipi, n'kutsika pampando. Anapachika kathumba pamsomali wake kuseri kwa galasi. Anakung'untha chikopa chofiira ndi thaulo.

"Khalani apa," anatero, phazi likufunafuna chopondera.